Maso tanola ndi magemu ofufuza, koma mndandanda akutilembera ndani?

Ndiyambe ndi kuulula, poti ena mwa inu mumandidziwa ndipo mungandigwire bodza. Inenso ndimasewera. Yakwana miyezi inayi tsopano, usiku uliwonse ndisanagone ndimakhala ndikusakasaka kiyi, lumo ndi magalasi a maso m'nyumba za anthu olemera a ku New York, chikhalirecho ndili chigonere pamphasa kuno kwa Milonde, batire ili pa 14. Anandiikira gemuyi ndi msuweni wanga wa Fomu 3, tsiku lina magetsi atathima. Ndinamuseka kuti ndi zachibwana. Pano ndi iyeyo amene amandiuza kuti, "Achimwene, kagoneni, mawa kuli ntchito."

Ndalemba nkhaniyi chifukwa cha zomwe zinachitika kuno Loweruka la masabata atatu apitawo, mnyamata wina atatsala pang'ono kuvulazidwa pa nkhani ya foni yomwe sanabe. Ndinali nawo pakati pa omuweruza. Ndipo chomwe chikundisowetsa mtendere n'chakuti ndinamuweruza ndi diso lomwelo lomwe ndimasewerera gemu.

Kwa amene simunayiseweko

Magemu ake alipo ambiri, koma omwe ndimawaona kwambiri m'mafoni a anzanga ndi awiri: Criminal Case ndi June's Journey. Kaseweredwe kake n'kofanana. Amakupatsa chithunzi cha malo, kaya ndi khitchini, kaya ndi doko la sitima, kaya ndi chipinda chomwe mwafera munthu. Chithunzicho chimakhala chodzaza ndi katundu, mbwee, ngati mulu wa kaunjika pa msika wa Limbuli ogula atausanthula kale. M'munsi amakulembera mayina a zinthu zingapo. Ntchito yako ndi kuzipeza n'kumazidina ndi chala. Ukafulumira mapointi amachuluka. Ukamangodinadina paliponse mwa mwayi, gemu imakulanga.

Ulendo woyamba umadziona ngati wakhungu. Akuti peza ambulera, iwe uyang'ana ngodya zonse, ambulera palibe. Kenako mwadzidzidzi n'kuiona itatsamira katani, mtundu wake wofanana ndi wa kataniyo, pamalo pomwe maso ako adutsa kasanu. Ukaidina imalira kamawu kokoma, n'kuzimiririka. Kukoma kwa gemu yonse kuli pa kamphindi kameneko. Aliyense amene anatolako malaya abwino pansi pa mulu anzake atawadumpha akudziwa chomwe ndikunena.

Pali zoseketsanso. Mayina a zinthu amabwera m'Chingerezi, ndipo Chichewa mulibe. Mawu oti monocle ndi gramophone ndawadziwira momwemu, kusukulu sitinawaphunzire. Tsiku lina anandilembera kuti bat, ine n'kutha mphindi yonse ndikufunafuna mleme kudenga, osadziwa kuti akunena chibonga chomenyera mpira chomwe chinali pafupi ndi chitseko. Msuweni wanga amati Chingerezi chake chakwera chifukwa cha gemu, ndipo sindimutsutsa kwenikweni.

Pamwamba pa kusakako pali nkhani. Mu June's Journey ndiwe June Parker, mayi wa m'zaka za m'ma 1920 amene akufufuza imfa ya m'bale wake Clare, uku ukukongoletsa chilumba cha banja lawo. Mu Criminal Case ndiwe wapolisi watsopano mumzinda wongopeka wa Grimsborough, mnzako wa ntchito ndi David Jones. Umatolera umboni pamalo a ngozi, kutumiza mtembo kwa dokotala, kudikira zotsatira, kufunsa oganiziridwa. Pang'onopang'ono gemu imakuuza maonekedwe a wakupha: mwina amavala buluu, mwina ali ndi chipsera, mwina amadya chakuti. Pamapeto amakuimikira anthu pamzere, nthawi zambiri asanu, iwe n'kuloza mmodzi. Unyolo kwee, kukhoti, chigamulo. Umagona mtima uli mbee, ukudzimva kuti ndiwe dolo.

Chimodzi chomwe otsatsa sanena n'chakuti chithunzi chimodzi umachibwereza kambirimbiri kuti upeze nyenyezi zotsegulira mutu wotsatira. Pofika ulendo wa khumi sukhalanso ukufufuza. Chala chimangopita chokha pomwe pali ambulera. Waloweza basi.

Zaulere zake zili pati?

Magemu amenewa sanagwe kumwamba. Mtundu wake unatchuka pa kompyuta mu 2005 ndi gemu ya Mystery Case Files: Huntsville ya kampani ya Big Fish Games ya ku Seattle. Criminal Case inapangidwa ndi kampani ya Pretty Simple ya ku Paris, inayamba pa Facebook mu 2012, ndipo mu 2013 a Facebook anaitcha gemu yopambana ya chakacho. June's Journey ndi ya kampani ya Wooga ya ku Berlin, inatuluka mu 2017, ndipo chaka chotsatira Wooga inagulidwa ndi kampani ya Playtika ya ku Israel. Awa ndi makampani a phindu, okhala ndi antchito oti alipidwe mwezi ukatha.

Ndalama amazipezera pa chinthu chomwe amachitcha energy. Mu Criminal Case umakhala ndi 110, ndipo chithunzi chilichonse chimadya 20. Werengani nokha: kasanu basi, wathedwa. Ndipo imatha nthawi yomwe nkhani yafika pokoma. Apa uli ndi njira zitatu: kudikira kuti idzadze yokha pang'onopang'ono, kugula ndi ndalama zenizeni, kapena, m'magemu ambiri amtunduwu, kuonera kanema wa malonda kuti akuponyere kangachepe.

Ife kuno ogula ndi ochepa. Ambiri tilibe khadi ya kubanki yolipirira pa Google Play, ndipo mitengo yake imatsatira ndalama zakunja. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe wanzeru zake amene angasiye kugula sopo n'kukagula madayamondi a m'gemu. Ndiye timalipira ndi njira yachitatu ija. Kanema aliyense wa malonda amadya bandulo yathu ya Airtel kapena TNM, otsatsa n'kulipira mwini gemu chifukwa choti maso athu aona. Onjezerani ndalama yotchajitsira foni magetsi akavuta, komanso tulo. Ine ndinayesa kuona mu Settings momwe data yanga yayendera mwezi watha. Gemu inali yachiwiri, kutsatira Facebook. Inunso taonani yanu, musandikhulupirire ine.

Koma za bandulo n'zazing'ono. Munthu ali ndi ufulu wowotcha ndalama yake mmene akufunira. Nkhani yaikulu ndi iyi ikubwerayi.

Loweruka lija

Mayi wina wogulitsa nanazi m'mbali mwa msewu anasiya foni yake pamalo ena otchajitsira. Pobwera madzulo, foni palibe. Wotchajayo akuti sakudziwa. Mayi uja kulira, poti mufonimo munali nambala za makasitomala ake a ku Limbe komanso ndalama za katundu. Nkhani inafika pa gulu lathu la WhatsApp isanakwane 6 koloko.

Kenako wina anaponya chithunzi. Anadzijambula masana pamalo omwewo, ndipo kumbuyo kwake kumaoneka anthu anayi kapena asanu. Pansi analemba kuti, "Magaye, tayang'anitsitsani thumba la wa malaya ofiirayo."

Ndikuuzeni zoona, mtima wanga unadumpha ngati mmene umadumphira chithunzi chatsopano chikatseguka m'gemu. Ndinakulitsa ndi zala ziwiri. M'thumba la kumbuyo la mnyamatayo munali chinthu cha makona anayi, kukula kwake ngati foni ya itel. Ndinachiona ndithu. Wina anachizunguliza ndi mzere wofiira n'kutumizanso. Wina anati mnyamatayo ndi wachilendo, wabwera posachedwa kudzafuna ganyu yothyola tiyi, nthawi zina amapalasa kabaza. Wina anati maso ake okha amaonetsa. Mavoisi anayamba kugwa ngati matalala. Ine ndinalemba mawu atatu okha: "Shuwa ndi yemweyo." Ndinalandira tizala ta m'mwamba tisanu ndi tiwiri, n'kumamva bwino.

Pofika 8 koloko anyamata ena anali atanyamuka kupita komwe amachita lendi. Mwayi wake, bambo wina wachikulire wa m'komiti ya chitetezo cha m'mudzi anamva phokoso, n'kufika msanga. Anamulowetsa mnyamatayo m'nyumba mwake, iye n'kukhala pampando pakhomo. Akuti anangonena kuti, "Ana inu, amene waona ndi maso ake akutenga foniyo abwere kutsogolo kuno, tipitire limodzi kupolisi." Palibe anasuntha. Komabe malaya ofiira aja anali atang'ambika kale, ndipo mlomo unali utatupa.

M'mawa mwake foni inapezeka. Wotchaja uja anaipereka molakwitsa kwa mwana amene anatumidwa kudzatenga ya agogo ake, poti inali ya mtundu womwewo, chikuto chakuda chimodzimodzi. Agogowo anazindikira italira nyimbo yachilendo m'bandakucha. Nanga chinthu cha makona anayi chija? Kanali kabuku ka kuchipatala ka mwana wake, kopindidwa pakati. Tsiku limenelo anachokera kusikelo.

Pagulu panangoti zii. Amene anaponya chithunzi anachifufuta. Wina anaponya nthabwala ya mpira, moyo n'kupitirira.

Diso limaona zomwe lauzidwa

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti gemu ndi imene inamenya munthu. Ambiri mwa amene anapita kunyumba kuja sanayambe aitsegulapo n'komwe. Chomwe gemu yandichitira ndi kundionetsa poyera mmene diso langa limagwirira ntchito.

Mukamasewera, yesani izi. Mukamaliza chithunzi, tsekani foni, mudzifunse kuti munali zinthu zina ziti zomwe sizinali pamndandanda. Mupeza kuti simukukumbuka. Mutha kudutsa pa chimphaka chachikulu kakhumi osachiona, chifukwa sanakuuzeni kuti muchifune. Diso limatola zomwe mndandanda walamula, zina zonse limaziponya kudzala. Loweruka lija mndandanda unali ndi mawu awiri: foni, thumba. Ndinapeza zomwe ananditumazo. Sindinaone kuti m'chithunzi chomwecho munali anthu ena atatu okhala ndi matumba. Sindinadzifunse kuti chinajambulidwa nthawi yanji, foni isanasowe kapena itasowa kale.

Ndiye pali zinthu zomwe m'gemu n'zoona nthawi zonse, koma kunja kuno ndi bodza. M'gemu, chinthu chikalembedwa pamndandanda ndiye kuti m'chithunzimo chilimo, wojambula anachiikamo dala. Kunja kuno munthu atha kukuuzani kuti mufune chinthu chomwe kulibe. M'gemu wakupha amakhala mmodzi mwa omwe aima pamzere. Kunja kuno mwina wakuba sali m'chithunzi, mwinanso, ngati tsiku lija, palibe wakuba n'komwe. Ndipo m'gemu ukaloza munthu wolakwika umangobwerera n'kulozanso wina, palibe amene amatupa mlomo.

Ife a ku Mulanje sitikufunika kuphunzitsidwa izi ndi munthu wakunja. Mu Seputembala 2017 mphekesera ya anamapopa inayambira m'boma lathu lino, anthu n'kumati yachokera kutsidya ku Mozambique. Inafalikira ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Amene munali ana nthawi imeneyo mukukumbuka kugona panja m'magulu, zitini kulira usiku wonse, miyala ndi mitengo yotchingira misewu. Mndandanda wa nthawi imeneyo unali wosavuta kuloweza: munthu wachilendo, chikwama, galimoto yoyenda usiku, chipangizo chilichonse chomwe sitikuchidziwa. Ngakhale azaumoyo onyamula chopimira pachifuwa anakhala pa chiopsezo. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Pulezidenti Peter Mutharika anachita kubwera yekha kudzalankhula ndi anthu, ndipo apolisi anamanga anthu oposa 100. Madokotala ananena poyera kuti sanapeze umboni woti pali amene anapopedwa magazi. Ophedwawo sanadzuke. Akuluakulu amakumbukanso kuti mphekesera yomweyi inavuta kumapeto kwa 2002, nthawi ya Bakili Muluzi.

Kusiyana kwa nthawi imeneyo ndi lero n'kwakuti lero anyamata ambiri ali ndi kamera, zala zokulitsira chithunzi ndi gulu la anthu mazana owamvera. Mphekesera yomwe kale imayenda pa njinga kuchoka ku Muloza kufika pa Chitakale, pano imafika mphindi imodzi, itavala kale mzere wofiira. Ndipo mzere wofiira umaoneka ngati umboni. Kuno kumalire, komwe tsiku ndi tsiku kumadutsa anthu ochokera ku Milange, ogula chimanga, ofuna ganyu m'minda ya tiyi, munthu wachilendo sasowa. Ndiye kuti woti aikidwe pamndandanda sasowanso.

Zomwe gemu imachita bwino kuposa ife

Chondichititsa manyazi n'chakuti gemu yomwe ndimaiyesa yachibwanayi ili ndi mwambo kuposa gulu lathu. Mu Criminal Case sungamange munthu umboni usanakwane. Batani lomangira silitseguka. Ukatumiza chinthu kokapimidwa umadikira, nthawi zina maola angapo, ngakhale mtima ukuthamanga bwanji. Woganiziridwa aliyense umamufunsa, naye amayankha. Kangati konse ndakhala ndikulumbira kuti wakupha ndi bambo wa nkhope yolusa uja, pamapeto n'kupezeka kuti ndi mayi wofatsa wophika tiyi? Olemba nkhanizi amadziwa kuti timaweruza ndi nkhope, ndipo amatikola dala pomwepo. Miyezi inayi akundikola, koma Loweruka lija sindinakumbuke.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Malamulo athu amanenanso zomwezo. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu woganiziridwa mlandu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ndipo apolisi akamugwira ayenera kumufikitsa kukhoti pasanathe maola 48. Ngati boma lenilenilo lili ndi malire otere, ife a pa WhatsApp mphamvu zogamula mlandu mu maola awiri tazitenga kuti? Komanso tisaiwale kuti pali lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa intaneti. Anthu amangidwapo m'dziko muno chifukwa cha zolemba pa WhatsApp ndi pa Facebook. Kufufuta uthenga sikuthandiza ngati wina anajambula kale sikirini.

Ndikudziwa chomwe ena muyankhe: kupolisi n'kutali, ukapita amati tilibe galimoto, wakuba akagwidwa mawa umamuona ali pamsika. Dandaulo limeneli ndalimva kambiri, ndipo nanenso ndinaberedwapo njinga yomwe sinapezeke mpaka lero. Kuwawa kwake ndikukudziwa. Mwina n'chifukwa chake magemu amenewa amatikomera chonchi: m'menemo mlandu uliwonse umatha, wolakwa amapezeka, woweruza sachedwa. Koma kuchedwa kwa chilungamo sikusandutsa kabuku ka kusikelo kukhala foni. Tikamenya wosalakwa, wakuba weniweni amakhala ali phee pagulu lomwelo, mwinanso akuponya nawo tizala ta m'mwamba.

Pali zing'onozing'ono zomwe tingayambe lero. Dinani *#06# pafoni yanu, mulembe nambala ya IMEI yomwe ituluke, muisunge kunyumba. Foni ikasowa, imeneyo ndi imene imasiyanitsa yanu ndi ya agogo a chikuto chakuda, ndipo apolisi amaifuna. Otchajitsa mafoni, matani kapepala ka dzina pafoni iliyonse, mwini wake mumupatse kena kofanana. Ma admin a magulu, chithunzi cha munthu chokhala ndi mzere wofiira chikagwa, chichotseni msanga, woponyayo mumuuze akapereke kwa amfumu, kwa a chitetezo cha m'mudzi kapena kupolisi. Ndipo tonsefe, tisanalembe kuti "ndi yemweyo", tidzifunse: amene wandiuza kuti ndiyang'ane thumba ili ndi ndani, ndipo waona chiyani iyeyo?

Mnyamata uja ndinakumana naye patatha sabata, pamsewu wopita ku Muloza. Njinga inali itamangidwa mphasa, ndowa ndi kathumba ka ufa, mkazi wake akutsatira pambuyo ndi mwana kumsana. Ndinamuimitsa.

"Achimwene, pepani. Pagulu paja nanenso ndinalemba nawo."

Anandiyang'ana kanthawi. Sankandidziwa n'komwe.

"Zatha, bambo," anatero. "Kungoti mayi akewa sakugona. Galu akangouwa usiku amadzuka. Ndiye taona kuti tikayese kwina."

Ndinasowa chonena. Ndinam'patsa ndalama yomwe ndimati ndigulire bandulo, iye anakana kawiri, kachitatu analandira chifukwa cha mwana. Mayi wa nanazi anapeza foni yake, wotchaja akutchajabe, gulu likadali ndi anthu ake onse. Amene wasamuka ndi yekhayo amene sanalakwe kanthu.

Gemu sindinaichotse, ndisakunamizeni. Dzulo lomweli ndasewera mpaka energy kutha. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nanenso ndimapita ku Limbe, ku Zomba, komwe palibe amene amandidziwa, ndipo m'thumba langa la kumbuyo mumakhala chinthu cha makona anayi.